Mwambi wosamalizidwa: momwe akatswiri a pakamwa amatikopera

Pa bwalo la milandu kumudzi kwathu, chakum'mawa kwa Kasungu boma, pali akulu ena amene sindinawamvepo akumaliza mwambi. Akaimirira kuti ayankhulepo pa mlandu wa malire a munda, amayamba ndi kupereka ulemu kwa amfumu ndi nduna zawo, n'kukhudza mlanduwo pang'ono, kenaka amati: "Paja makolo adati mutu umodzi..." n'kukhala duu. Bwalo lonse limayankha: "Susenza denga!" Iwo amangogwedeza mutu ngati amva nzeru yachilendo kuchokera kwa anthuwo, n'kupitiriza. Pofika pamenepo ntchito yawo yaikulu yatha kale. Mfundo imene amafuna kunena yatuluka pakamwa pa omvera eni ake, ndipo n'kovuta kuti munthu atsutse mawu amene wangowatchula yekha anzake akumva.

Amene tidaphunzira Chichewa kusekondale tidaloweza nsinjiro za chiyankhulo ndi zipangizo za alakatuli: zining'a, zifanifani, mikuluwiko, chibwereza, voko (kukokomeza), mvekero, funso lachodziwadziwa. Pa mayeso a MSCE ankatipatsa ndakatulo n'kutifunsa chipangizo chimene chili pa mzere wakutiwakuti, tikatchula n'kupata malikisi. Chimene sankatifunsa kawirikawiri n'chakuti chipangizocho chikumuchita chiyani womvera. Ine ndimaona kuti zambiri mwa izo zimagwira ntchito yomwe ija ya akulu a pa bwalo aja, kusiya mpata woti womvera adzazemo yekha. Choncho wofuna kusanthula mawu okopa, kaya ndi a pa msonkhano wa ndale, kaya a mlaliki wa m'basi pa msewu wa M1, kaya uthenga wa pa WhatsApp, ayambe wapeza mpatawo n'kuona chimene iye mwini waikamo.

Agiriki adaliphunzira luso limeneli lokopa anthu ndi mawu ngati phunziro lapadera zaka zoposa 2,300 zapitazo. Aristotle, yemwe adabadwa m'chaka cha 384 Khristu asanabadwe n'kudzaphunzitsa ku Athens, adalemba buku lotchedwa Rhetoric, momwe adati munthu amakopeka m'njira zitatu. Yoyamba ndi ethos: timamvera chifukwa cha amene akuyankhulayo, khalidwe lake ndi momwe akudzionetsera. Yachiwiri ndi pathos: mawu atigwira mtima, atichititsa mantha, chisoni, mkwiyo kapena chiyembekezo. Yachitatu ndi logos: mfundo zake ndi umboni wake zikumveka. Mawu atatuwa ndi amene amatchuka m'makalasi. Koma chimene Aristotle mwini adachiika pakati penipeni pa lusoli ndi china, chotchedwa enthymeme, kutanthauza mfundo imene mbali yake ina sitchulidwa chifukwa omvera akuidziwa kale. Chitsanzo chake chidali chakuti ukanena kuti munthu wapambana pa masewera a ku Olympia, sufunikanso kuwonjezera kuti mphotho yake ndi nkhata ya kumutu, popeza womvera aliyense amaonjezera yekha.

Pa msika wa Kasungu enthymeme amagulitsa mbewu. Wogulitsa akati, "Amayi, iyi ndi imene akubzala a ku esiteti," wanena chinthu chimodzi chokha, mwinanso choona. Zina zonse mwaikamo ndinu: kuti a ku esiteti sangalakwitse, ndiponso kuti mbewu imene ikuchita bwino pa munda wothiridwa fetereza wokwanira ichitanso bwino pa kamunda kanu kamchenga. Mbewuyo ikakanika, wogulitsa sadaname. Sadanene kuti ichita bwino kwanu.

Kuno ku Kasungu sitifunika kupita kutali pofuna chitsanzo cha munthu amene ankalidziwa luso limeneli. Dr Hastings Kamuzu Banda ankakonda maphunziro a Agiriki ndi Aroma, moti pa sukulu imene adatsegula ku Mtunthama m'chaka cha 1981, Kamuzu Academy, ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Pamene adatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958, adali atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo pa misonkhano ankayankhula Chingerezi, John Msonthi n'kumatanthauzira. Wina akadaganiza kuti chimenechi ndi chilema kwa munthu wofuna kutsogolera anthu a kumudzi. Chidasanduka mphamvu. Chingerezi, suti, chipewa ndi litchowa m'manja zinkanena zokha kuti uyu ndi dotolo amene wakhala pakati pa azungu ndipo sawaopa; imeneyo ndiyo ethos, ndipo sankafunika kuitchula. Komanso kuyankhula kudzera mwa wotanthauzira kunkaduladula mawu m'tiziganizo tatifupi, mfundo iliyonse n'kumveka kawiri, pakati pake pali mpata wa m'manja ndi nthungululu. Akafuula kuti "Kwacha!" khamu n'kuyankha, anthuwo sadalinso omvera chabe. Adali atayamba kuyankhula nawo.

Koma chipangizo chake chakuthwa kuposa zonse chidachokera m'mudzi wa Chichewa, osati ku Athens. Amayi onse a m'Malawi adawatcha mbumba yake, iye mwini n'kukhala Nkhoswe Nambala Wani. Mchewa aliyense amadziwa tanthauzo lake popanda womuuza. Mbumba ndi alongo a munthu pamodzi ndi ana awo, ndipo nkhoswe ndi mlongo wawo wamwamuna kapena malume amene amawaimira pa ukwati, pa mlandu, pa matenda ndi pa maliro. Chimene chinkanenedwa poyera chidali chokoma: ndidzakutetezani, mwamuna asakuzunzeni. Chimene chinkabwera nacho osatchulidwa n'chakuti nkhoswe sasankhidwa ndi voti, sakhala ndi nyengo yoti ikatha atule pansi udindo, ndipo mbumba sitsutsana naye pagulu. Munthu akavomera chiyerekezocho, wavomeranso zonsezi osazindikira. Pamene Kamuzu adakhala pulezidenti wamuyaya m'chaka cha 1971, mutu wa anthu ambiri udali utazolowera kale ganizo la mtsogoleri amene ndi wachibale, osati wolembedwa ntchito. Umo ndi momwe chiyerekezo chimagwirira: chimabwereka chinthu chimene mumachikhulupirira kale, n'kuchiveka chinthu chimene mukadayamba mwachifunsa mafunso. Pochisanthula, funso si lakuti zinthu ziwirizo zikufanana pati. Wokamba wakuonetsani kale pamenepo. Funso n'lakuti zikusiyana pati.

Za chibwereza ndi kutchula zinthu zitatuzitatu sinditaya nthawi, poti aliyense amazimva. Chakudya, zovala, nyumba yosadontha. Maloto atatu a Kamuzu kundende ya ku Gweru: likulu ku Lilongwe, yunivesite, msewu wa m'mbali mwa nyanja. Patapita zaka zambiri, malemu Saulos Chilima: osaopa, osatopa, osafooka. Zinthu zitatu zimakhazikika m'khutu ngati mphika pa mafuwa, ndipo ukatchula ziwiri khamu limatchula lachitatu. Kukoma kwake m'khutu sikunena kanthu za kuona kwake kapena kunama kwake. Kumangochititsa kuti mawuwo asaiwalike, basi.

Pena anthu amaganiza kuti luso lokopa ndi la olamula okha, kapena kuti ndi dzina laulemu la bodza. Mbiri yathu yomwe ikukana. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi. Idakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha oyankhula zakukhosi. Sidanene kuti boma lichoke. M'malo mwake idathira miyambi ya Chichewa, umodzi mwa iyo ndi womwe uja wa akulu a kwathu, mutu umodzi susenza denga. M'dziko la chipani chimodzi ndi pulezidenti wamuyaya, panalibe wofunika kuuzidwa kuti mutu umodziwo ndi wa yani. Omvera adamaliza okha, ndipo boma nalo lidamaliza lokha: kalatayo idatchedwa youkira, maepiskopi adaitanidwa kupolisi, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Chida chimene chidamanga mbumba ndi chomwecho chimene chidayamba kumasula mfundo zake.

Chaka chotsatira, pa riferendamu ya pa 14 June 1993, mkangano wonse udalowa m'zithunzi ziwiri. Ofuna chipani chimodzi adali ndi tambala wakuda, ofuna zipani zambiri adali ndi nyali. Ndimakonda kuziyang'ana pamodzi chifukwa zonse zikukamba za kuwala. Tambala amalira kuti kwacha, usiku udatha kalekale pamene atsamunda adachoka. Nyali sayatsa masana. Woinyamula akunena, osatsegula pakamwa, kuti kudakali mdima. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adasankha nyali, koma chigawo chathu chapakati ambiri adakhalabe ndi tambala. Apa pakuoneka malire a lusoli. Mpata umadzazidwa ndi zimene womvera ali nazo kale m'mutu, ndipo wa ku Mtunthama ndi wa ku Mulanje sadali ndi zofanana.

Bakili Muluzi adabwera ndi funso. "Zinthu zatani?" Khamu: "Zasintha!" Funso lotere silifuna kudziwa kanthu. Yankho lake ndi limodzi, ndipo amene wayankha wachitira umboni. Zasintha ziti, kwa yani, kupita kuti, izo aliyense ankaikamo zake: wina ufulu woyankhula, wina kutha kwa makadi a chipani okakamiza, wina sukulu yaulere ya pulayimale imene idayamba m'chaka cha 1994. Bingu wa Mutharika pofuna voti ya 2009 ankati ntchito za manja ake zimuchitire umboni. Kumeneko ndi kukopa kodzionetsa ngati si kukopa: ine sindiyankhula, onani nokha. Koma wosankha ntchito zoti zionedwe adali yemweyo.

Manambala ndiye amatipusitsa kwambiri, chifukwa amavala nkhope ya logos. Pa kampeni ya chisankho cha pa 23 June 2020, mgwirizano wa Tonse udalonjeza ntchito 1 miliyoni, kudya katatu patsiku, ndi thumba la fetereza pa K4,495. Taonani kusiyana kwa manambala awiriwo. Miliyoni ndi nambala yozungulira, yomveka ngati voko, yoti mtima usangalale. K4,495 ndi nambala yosongoka, yomveka ngati wina adakhala pansi ndi cholembera n'kuwerengera mpaka pa kwacha yomaliza. Kwa mlimi wa ku Santhe kapena ku Chamama, imeneyi ndiyo idali nkhani. Ndipo chilungamo chake n'chakuti m'chaka choyamba cha AIP, pulogalamu ya boma ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo, amene adali m'kaundula adaguladi pa mtengo umenewo. Mpata udali pena: kwa zaka zingati, ndiponso kwa anthu angati? Ambiri tidadzazamo tokha kuti ndi mpaka kalekale ndiponso kwa aliyense. Chaka chotsatira thumba lidafika pa K7,500, kenaka K15,000.

Amalonda amachita zomwezo ndi nthawi. Tiyerekeze wina akukugulitsani sola ya pangongole n'kunena kuti muzingopereka K500 yokha patsiku. "Yokha" ameneyo akugwira ntchito yaikulu. K500 patsiku ndi K15,000 pamwezi, K182,500 pachaka. Palibe bodza pa manambala atatuwa, koma wogulitsa amadziwa imene ayenera kutchula. Venda wogula soya kapena mtedza pakhomo, kapena amene amazungulira m'midzi fodya asanapite ku okushoni ya Chinkhoma, ali ndi chake chida: "Achikulire, mawa mtengo utsika." Akutsekerani mpata wokafunsa kwina, ndipo ngati ndi wochenjera aonjezera kuti zengerezu adalinda kwaukwau. Mwambiwo ndi woona. Koma makolo omwewo adatinso kuthamanga sikufika, adatinso kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyambi ili ngati mankhwala a m'sitolo, ulipo wa mbali iliyonse, ndipo wokamba amatola umene ukumukomera. Mwambi sutsimikiza kuti mfundo ndi yoona. Umangoiveka ulemu wa akuluakulu kuti woitsutsa aoneke wamwano.

Zonsezi ndi zipangizo zoonekera. Zimene zimandisangalatsa kwambiri ndi zobisika m'malamulo a chiyankhulo chathu, zimene sitiziwerengera n'komwe ngati luso. Mwana akaswa mbale sanena kuti "ndaswa mbale." Amati "mbale yasweka." Palibe adamuphunzitsa, koma wadziwa kale kuti kamphatikiram'tsinde kaja ka -ek- kamachotsa wochita m'chiganizo. Tamverani masitepe atatu awa pa msonkhano wa banki mkhonde: "msungichuma wadya ndalama," "ndalama zadyedwa," "ndalama zasokonekera." Poyamba pali munthu woti agwidwe. Pachiwiri wakuba alipo koma alibe dzina. Pachitatu palibenso wakuba. Ndalamazo zangochita zokha ngati mvula. Zikalata za m'maofesi ndi nkhani za pa wailesi zadzaza ndi sitepe yachitatuyi: mitengo yakwera, mankhwala asowa, ntchito yachedwa. Mukamva choncho, bwezeranimo wochita muone ngati chiganizocho chikadali chofatsa.

Timagwiritsanso ntchito ka- ndi chi-. Wokubwereketsani amati "kangongole," wandale wolamula amati "timavuto tapatalipatali," wotsutsa amati "chimsonkho," ndipo mkulu wofuna kugwetsa mfundo ya wachinyamata osaiyankha amangoti "kamnyamata aka." Chinthu chakula kapena chachepa popanda umboni uliwonse. Nayenso "ife" ndi wakuba wochenjera. "Tonse tikuvutika, tiyeni tipirire," atero munthu amene wabwera pa galimoto kwa anthu amene abwera wapansi. Mawu amodzi awaika m'thumba limodzi.

Kusankha dzina la chinthu nakonso ndi kukopa. Mu November 2023 kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Akuluakulu a zachuma adakonda mawu a Chingerezi akuti realignment, ngati kuwongola chinthu chimene chidapindika. Pa msika anthu ankati ndalama yagwa. Chochitika chidali chimodzi, koma dzina loyamba likuti kudali kukonza, lachiwiri likuti idali ngozi. Amene wapambana pa kutcha dzina amakhala atapambana mkangano usanayambe.

Mawu olembedwa ali ndi vuto lawolawo. Pa bwalo umamuona woyankhula, umadziwa kwawo ndi mbiri yake, ndipo mawa ukumana naye ku chigayo. Uthenga wa pa foni ulibe nkhope, ndiye umabwereka ethos kwina: chizindikiro cha boma pamwamba, dzina la udindo, kapena mawu aafupi aja akuti "akuti." Akuti ndani? Palibe amafunsa, poti "akuti" amamasula wotumiza ku mlandu uku akupatsa nkhaniyo kulemera kwa anthu ambiri osaoneka. Ukaphatikiza ndi mantha ndi lamulo lakuti tumizani kwa ena msanga, nkhani imayenda kuposa moto wa lupsa. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zidafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu angapo osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Nkhani zake zambiri zinkayamba ndi "akuti," zina zonse mantha n'kudzaza.

Sindikunena kuti pathos ndi woipa. Mlaliki wa pa maliro amene sakhudza mtima walephera ntchito yake, ndipo mayi amene akupempha amfumu kuti mjigo ukonzedwe ali ndi ufulu wonse wotchula mwana wake amene adatsekula m'mimba. Chisoni chimenecho chikuchokera mu nkhani yomweyo. Chokayikitsa ndi chisoni kapena mkwiyo wobwerekedwa kwina kuti uphimbe pamene umboni wapelewera, monga wozengedwa mlandu wa mbuzi akayamba kufotokoza za umasiye wake.

Akulu a kwathu aja sapambana nthawi zonse. Tsiku lina pa mlandu wa malire, atafuna kuti mwini munda wachikulire angomveredwa, adati: "Mawu a akuluakulu..." Bwalo: "Amakoma akagonera!" Nkhoswe ya mbali inayo idaimirira, n'kupereka ulemu womwewo, n'kunena kuti pamene munda unkagawidwa padali anthu ena amene lero sakufunsidwa, ndipo paja safunsa... Bwalo lomwe lija, anthu omwe aja, ndi mphamvu yomwe ija: "Adadya phula!" Ena adaseka atazindikira kuti avomera mbali zonse ziwiri pa mphindi zosakwana khumi. Amfumu adadikira phokoso lithe, n'kufunsa kuti nkhadze za m'malire adabzala ndani, ndipo chidali chaka chiti. Padapezeka agogo ena aakazi amene adati adaona, ndipo adatchula chitsa cha mtengo wa muwanga chimene mzerewo udayambira. Amfumu adanyamuka, nduna pambuyo pawo, ife tonse n'kulondola kumunda kukafuna chitsacho.